Kuchepetsa kuphonya kwa GPS kobwera chifukwa cha mlengalenga

Kuchepetsa kuphonya kwa GPS kobwera chifukwa cha mlengalenga ndi njira zimene akatswiri ndiponso zipangizo amagwiritsa ntchito pochotsa kuchedwa kumene siginolo ya setilayiti imakumana nako ikamadutsa mu mpweya wozungulira dziko lapansi. Kuchedwaku kukapanda kuwongoleredwa, foni kapena makina oyezera malo amasonyeza kuti munthu waima pamene sanaime, ndipo amatha kuphonya ndi mamita angapo. Kwa wokwera kabaza amene akufunafuna nyumba ku Machinjiri, mamita atatu alibe kanthu chifukwa adzafunsa kwa anthu. Koma kwa woyeza malo amene akukhoma bikoni pakati pa mapuloti awiri ku Ndirande, kumene nyumba zina zimalekanitsidwa ndi kanjira kodutsa munthu mmodzi, mamita atatu ndi khitchini ya wina.

Anthu ambiri amangoti GPS, koma dzinali ndi la masetilayiti a dziko la America okha. Palinso GLONASS ya Russia, Galileo ya mayiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya China, ndipo onsewa pamodzi amatchedwa GNSS. Vuto la mlengalenga limawakhudza onse mofanana.

Mmene kuchedwa kumasandukira kuphonya

Masetilayiti a GPS amauluka pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Setilayiti iliyonse imatumiza siginolo yonena pamene iyo ili ndi nthawi imene siginoloyo yanyamuka. Risiva, ndiye kachipangizo kolandira siginolo kamene kali m'foni kapena m'makina a oyeza malo, imaona nthawi imene siginolo yafika, n'kuchulukitsa nthawi ya ulendowo ndi liwiro la kuwala, lomwe ndi makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Ikatero imadziwa kutalika kwa pakati pa iyo ndi setilayitiyo. Pamafunika masetilayiti osachepera anayi: atatu opezera malo, ndipo yachinayi ndi yowongolera wotchi ya risiva, yomwe ndi yotchipa ndipo siyenda ndendende ngati mawotchi a m'masetilayiti.

Masamu amenewa amayenda bwino pokhapokha siginolo itathamanga pa liwiro limodzi njira yonse. Gawo lalikulu la ulendo wake ndi m'malo opanda mpweya, koma makilomita 1,000 omalizira ndi a mlengalenga, ndipo m'menemo imachedwa. Kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi kumawonjezera masentimita 30 pa mtunda umene risiva ikuwerengera. Choncho risiva imaona ngati setilayiti ili kutali kuposa pamene ili.

Masiginolo onse akanati azichedwa mofanana, vuto likanakhala laling'ono, pakuti kuchedwa kofananako kukanangomezedwa m'masamu owongolera wotchi. Chosokoneza n'chakuti siginolo yochokera pamwamba pa mutu imadutsa mlengalenga molunjika, pamene yochokera chakumunsi, kufupi ndi kumene thambo limakumana ndi dziko, imadutsa mopingasa ndipo imayenda m'mpweya mtunda wautali. N'chifukwa chakenso GPS imaphonya kwambiri pa kukwera kwa malo kusiyana ndi mmene imaphonyera chakum'mawa kapena chakumpoto: masetilayiti onse ooneka ali kumwamba, palibe ya pansi pa mapazi yoti ilinganize.

Ionosphere

Gawo la mlengalenga limene limaphonyetsa kwambiri ndi ionosphere. Imayambira pa makilomita pafupifupi 60 n'kufika mpaka cha pa 1,000. Kumeneku kuwala kwa dzuwa kumathyola tizigawo ta mpweya n'kusiya maelekitironi akuyandama paokha, ndipo kuchuluka kwa maelekitironi m'njira ya siginolo ndiko kumanena kuti ichedwa bwanji. Akatswiri amayeza kuchulukaku ndi muyezo wotchedwa TECU. TECU imodzi imawonjezera masentimita pafupifupi 16 pa siginolo ya L1, yomwe ndi imene mafoni onse a GPS amamva. Masana, dzuwa likakhala pa ukali wake, muyezowu umatha kudutsa 50, kutanthauza mamita 8 kapena kuposa kwa setilayiti ya pamwamba pa mutu, ndipo kwa setilayiti ya chakumunsi kuchedwako kumatha kuchuluka katatu.

Ionosphere siikhazikika. Imakhuthala masana, makamaka dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo imapyapyala m'bandakucha. Imasinthanso ndi nyengo za pachaka, komanso ndi mkombero wa dzuwa umene umatenga zaka pafupifupi 11. Mkombero umene ulipo pano, wa nambala 25, unayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 mabungwe a NASA ndi NOAA a ku America analengeza kuti dzuwa lafika pa nyengo ya ukali wake waukulu. Pa 10 ndi 11 Meyi 2024 mphepo yamkuntho yochokera ku dzuwa inasokoneza ionosphere moti alimi ena ku America anaimitsa mathirakitala oyendera GPS pakati pa nyengo yodzala chimanga.

Malo a Malawi pa nkhaniyi ndi ofunika kuwamvetsa. Dziko lapansi lili ndi equator ya maginito, yosiyana ndi equator ya pa mapu, ndipo mu Africa mzere umenewu umadutsa kumpoto, cha ku Ethiopia ndi Nigeria. Mbali zonse ziwiri za mzerewu, pa madigiri pafupifupi 15, pali malamba awiri amene maelekitironi amaunjikana kwambiri. Lamba wakumwera amagwera chakumpoto kwa Malawi, cha ku Tanzania. Mzinda wa Blantyre, umene uli pa madigiri pafupifupi 16 kumwera kwa equator ya pa mapu, suli pansi pa lambayo, komabe siginolo za masetilayiti ooneka chakumpoto ndi chakumunsi zimadutsa kufupi ndi dera lokhuthalalo zisanafike mumzindawu. Dzuwa likangolowa, ionosphere ya m'madera amenewa imachita timatumba ta maelekitironi ochepa tosakanikirana ndi malo okhuthala, ndipo siginolo yodutsamo imaphethira ngati nyenyezi. Kuphethiraku, kumene pa Chingerezi amati scintillation, kumachitika kawirikawiri cha m'miyezi ya Malichi ndi Epulo komanso Seputembala ndi Okutobala, ndipo kukakula risiva imataya setilayitiyo kwa kanthawi.

Njira yakale kwambiri yochepetsera vutoli ndi yongoyerekeza. Katswiri wina wa ku America, John Klobuchar, anakonza masamu olosera kukhuthala kwa ionosphere potengera nthawi ya tsiku ndi pamene risiva ili, ndipo anawafalitsa mu 1987. Masetilayiti a GPS amatumiza manambala 8 oyendetsera masamuwa, ndipo risiva iliyonse yomva siginolo imodzi imawagwiritsa ntchito mwini wake osadziwa. Njirayi imachotsa pafupifupi theka la kuphonyako. Galileo ili ndi masamu akeake otchedwa NeQuick G, amene amayendera manambala 3 ndipo anakonzedwa kuti azichotsa pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse. Njira zonse ziwirizi zimalosera za tsiku wamba, ndiye pa tsiku limene dzuwa lachita zachilendo zimatsalira.

Njira yabwino kwambiri ndi kumva masiginolo awiri nthawi imodzi. Ionosphere ili ndi khalidwe lothandiza lakuti imachedwetsa siginolo molingana ndi frequency yake: ya frequency yotsika imachedwa kwambiri. GPS imatumiza L1 pa 1575.42 MHz, L2 pa 1227.60 MHz ndi L5 pa 1176.45 MHz. Ngati L1 yachedwa ndi mamita 10, L2 yochokera ku setilayiti yomweyo imachedwa ndi mamita pafupifupi 16.5. Masiginolo awiriwa anyamuka limodzi ndipo adutsa njira imodzi, choncho kusiyana kwa kafikidwe kawo kumaulula kukhuthala kwa ionosphere pa nthawi yomweyo, popanda kulosera. Risiva ikaphatikiza miyezo iwiriyi mwa masamu, imachotsa zoposa magawo 99 pa 100 a kuchedwa kwa ionosphere. Mtengo wake ndi wakuti tizolakwika tina tating'ono ta mu risiva timakula pafupifupi katatu, motero pamafunika kuyeza kwa nthawi yotalikirapo kuti tisalale. Kwa zaka zambiri marisiva a masiginolo awiri anali a asilikali ndi oyeza malo okha. Foni yoyamba kukhala ndi luso limeneli inali Xiaomi Mi 8 ya mu 2018, ndipo lero mafoni ambiri okwera mtengo amamva L1 ndi L5.

Troposphere

Gawo lachiwiri ndi mpweya wapansi, umene anthu amapuma ndiponso mmene mumapangika mitambo. Kuno njira ya masiginolo awiri sigwira, chifukwa mpweya wapansi umachedwetsa L1, L2 ndi L5 mofanana. Kuchedwa kwake kuli pawiri: kobwera ndi mpweya wouma ndi kobwera ndi chinyezi.

Mpweya wouma ndi umene umabweretsa pafupifupi magawo 90 pa 100 a kuchedwaku, koma ndi wosavuta chifukwa umatsatira kulemera kwa mpweya umene uli pamwamba pa risiva. Pa hectopascal iliyonse ya kulemera kwa mpweya, siginolo ya pamwamba pa mutu imachedwa ndi mamilimita pafupifupi 2.3. M'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira, zimenezi zimakwana mamita 2.3. Blantyre ili pamwamba, pa mamita oposa pang'ono 1,000, kumene mpweya umalemera cha m'ma 900 hectopascal, ndiye kuchedwaku kumakhala pafupifupi mamita 2. Pansonga pa phiri la Ndirande, pa mamita pafupifupi 1,600, kumatsikanso ndi masentimita a pakati pa 10 ndi 15. Ku Nsanje, kumene kuli kotsika kwambiri m'Malawi, kumayandikira muyezo wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Masamu owerengera zimenezi anakhazikitsidwa kale: a Helen Hopfield ndi a mu 1969 ndipo a Saastamoinen ndi a mu 1972, ndipo mpaka pano akugwirabe ntchito m'marisiva ambiri.

Chinyezi ndicho chovuta. Gawo lake ndi laling'ono, kuyambira masentimita ochepa pa tsiku louma mpaka 30 kapena 40 m'madera otentha a chinyontho, koma chimasintha mofulumira ndipo sichimwazikana mofanana. Aliyense wokhala mu Blantyre amadziwa kuti mvula imatha kugwa ku Bangwe pamene ku Chilomoni anthu akuyanika ufa. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mpweya umadzala ndi nthunzi ndipo kuchedwa kwa chinyezi kumakwera. M'chilimwe kumatsika, kupatula masiku a chiperoni cha m'miyezi yozizira, pamene mphepo yonyowa yochokera ku Mozambique imakuta mapiri a Soche, Mpingwe ndi Ndirande ndi nkhungu. Chipangizo choyeza chinyezi pansi sichinena bwino za nthunzi imene ili makilomita awiri m'mwamba, choncho pa ntchito zofuna kulondola kwambiri akatswiri salosera kuchedwaku. Amakusiya ngati nambala yosadziwika m'masamu, n'kulola kompyuta kuti iipeze pamodzi ndi malo a risiva poyerekeza masetilayiti a m'mwamba ndi a chakumunsi kwa maola angapo.

Posintha kuchedwa kwa pamwamba pa mutu kuti kugwirizane ndi setilayiti yopendekeka, pamagwiritsidwa ntchito masamu ena, monga a Arthur Niell a mu 1996 ndi a ku Vienna a mu 2006, amene amadalira zolosera za nyengo. Setilayiti imene ili madigiri 30 kuchokera pansi imachedwa kawiri, ndipo ya pa madigiri 5 imachedwa pafupifupi ka 10. Pa chifukwa chimenechi oyeza malo amauza risiva kuti inyalanyaze masetilayiti onse amene ali pansi pa madigiri 10 kapena 15.

Marisiva awiri

Njira imene oyeza malo amadalira tsiku ndi tsiku siifuna kudziwa kuti mlengalenga wachedwetsa siginolo ndi mlingo wanji. Risiva imodzi amaiika pa chizindikiro chimene malo ake akudziwika kale, ndipo ina amayenda nayo. Ngati ziwirizi zili moyandikana, siginolo zofika kwa iwo zadutsa pafupifupi mu mpweya womwewo, ndiye zachedwa mofanana. Yokhazikikayo imadziwa pamene ili, choncho imaona kuphonya kwa setilayiti iliyonse n'kuuza inzake kudzera pa wailesi kapena pa intaneti ya m'foni. Zikamachitika nthawi yomweyo, ndipo risiva ikuwerenga mafunde enieni a siginolo amene pa L1 ndi otalika masentimita 19, njirayi imatchedwa RTK, ndipo imalondola mpaka sentimita imodzi kapena awiri.

Kufanana kwa mpweya kumachepa marisiva akamatalikirana. Opanga makinawa nthawi zambiri amalemba kuti kuphonya kumawonjezeka ndi milimita imodzi pa kilomita iliyonse, ndipo RTK ya siteshoni imodzi imadalirika mpaka makilomita 10 kapena 20. Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri onse ali mkati mwa mtunda umenewu kuchokera pakati pa mzinda, kotero pa nkhani ya ionosphere siteshoni imodzi yokhazikika ikhoza kuwatumikira onse pa tsiku labata. Chimene Blantyre imavutitsa nacho ndi zitunda. Risiva ya m'munsi mwa mtsinje wa Mudi ndi ina ya m'nyumba zokwera phiri la Ndirande kapena la Soche zikhoza kuyandikana pa mapu koma n'kusiyana kukwera ndi mamita 200 kapena 300, ndipo mpweya wa pamwamba pa izo sufanana. Gawo louma limawongoleredwa ndi masamu, koma chinyezi chotsalira chimalowa pa muyezo wa kukwera kwa malo, ndipo sentimita imodzi yotsalira imatha kusanduka masentimita atatu. Pa malire a puloti zimenezi sizidetsa nkhawa. Pa ngalande yotaya madzi a mvula kapena paipi yoyenda popanda pampu, masentimita ochepa amatha kubweza madzi m'mbuyo.

Mayiko ena anaika masiteshoni okhazikika ambiri ogwira ntchito usana ndi usiku, otchedwa CORS, amene pamodzi amajambula mmene mlengalenga ulili pa dera lonse n'kutumiza zowongolera zogwirizana ndi pamene woyeza waima. South Africa ili ndi gulu la masiteshoni otere lotchedwa TrigNet. Palinso masiteshoni a bungwe la dziko lonse la International GNSS Service, monga ya ku Lusaka ndi ya ku Hartebeesthoek. Ya ku Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 700 kuchokera ku Blantyre, kutali kwambiri kuti ithandize pa RTK, koma imathandiza pomangiriza miyezo ya maola ambiri ku muyezo wa dziko lonse. Ntchito yogwirizanitsa miyezo ya mayiko a mu Africa imatchedwa AFREF. M'Malawi, zizindikiro za boma zoyezera malo zimayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Surveys mu unduna wa za malo, ndipo maphunziro a kuyeza malo amaperekedwa ku MUBAS mu Blantyre, imene kale inali Polytechnic.

Kumene kulibe siteshoni yapafupi kuli njira ya PPP, imene imagwiritsa ntchito risiva imodzi ya masiginolo awiri pamodzi ndi manambala olondola a njira ndi mawotchi a masetilayiti. Imachotsa ionosphere ndi masiginolo awiri aja, n'kupeza chinyezi m'masamu, koma imafuna kudikira mphindi 20 kapena 30 kuti ikhazikike. Kuyambira mu Januwale 2023 Galileo imaulutsa zowongolera zotere kwaulere. Za ndege zili ndi njira yakeyake yotchedwa SBAS, imene imatumiza mapu a ionosphere kudzera pa masetilayiti: WAAS ku America, EGNOS ku Ulaya ndi GAGAN ku India. Mu Africa ntchito yotere ikutsogoleredwa ndi bungwe la ASECNA, ndipo chimodzi mwa zovuta zake zazikulu ndi ionosphere yosakhazikika ya kufupi ndi equator ija.

Zimene si za mlengalenga

Kadontho ka pa foni kakamadumphadumpha m'misika ndi m'tinjira ta m'makomboni, kawirikawiri mlandu si wa mlengalenga. Madenga a malata ndi mipanda ya njerwa zimabweza siginolo, ndipo risiva imamva yobwerera m'malo mwa yolunjika. Vuto limeneli silichotsedwa ndi risiva yachiwiri, chifukwa malo alionse ali ndi malata akeake. Mapiri nawonso amatchinga thambo: woyeza amene ali m'tsinde mwa Michiru ku Chilomoni amataya masetilayiti a mbali ya phirilo, ndipo otsalawo akaunjikana mbali imodzi, kuphonya kulikonse kotsalira kumakula. Apa ndi pamene kumva GPS, Galileo, GLONASS ndi BeiDou pamodzi kumathandiza kwambiri.

Palinso chisokonezo cha mapu akale. Mapu ambiri akale a Malawi anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84. Manambala a malo amodzi pa miyezo iwiriyi amasiyana ndi mamita oposa 200, kuposeratu kuphonya kulikonse kwa mlengalenga. Munthu wofanizira manambala a pa foni ndi a pa pepala lakale la malo osasintha muyezo akhoza kupeza puloti yake ili m'bwalo la sukulu. Ngakhale atasintha bwino, foni wamba imaphonyabe ndi mamita angapo, ndipo si chida chothetsera mkangano wa malire. Malamulo a za malo a mu 2016, kuphatikizapo Land Survey Act, amapereka ntchito yoyeza malire kwa oyeza malo ovomerezeka.

Kuphonya kukasanduka muyezo wa nyengo

Chimene woyeza malo amachotsa, wa zanyengo amachifuna. Risiva yokhazikika pamalo odziwika ikapeza kuchedwa kwa chinyezi, nambalayo imanena kuchuluka kwa nthunzi imene ili pamwamba pa dera limenelo. Njirayi inafotokozedwa ndi Michael Bevis ndi anzake mu 1992. Mwachidule, kuchedwa kwa masentimita 20 kumasonyeza nthunzi yokwana madzi akuya pafupifupi masentimita atatu itati yonse igwe ngati mvula. Muyezowu umapezeka mphindi zingapo zilizonse, usana ndi usiku, kaya kuli mitambo kaya kulibe, ndipo mabungwe a zanyengo a ku Ulaya, America ndi Japan amauthira m'makompyuta awo olosera mvula. Masetilayiti a COSMIC-2, amene anaulutsidwa mu 2019 kuti aziyang'ana madera otentha, amachita zofanana ali m'mwamba: amamvera siginolo za GNSS zikamadutsa mopingasa m'mphepete mwa dziko, n'kupeza kutentha ndi chinyezi cha mpweya pa misinkhu yosiyanasiyana.

Kwa Blantyre, kumene kuli likulu la nthambi ya boma yoona za nyengo, miyezo yotere ndi yofunika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yamphamvu kwa masiku angapo, ndipo matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe n'kupha anthu ambiri. Zikatere pamafunika miyezo iwiri yonse: ya nthunzi imene ikuunjikana m'mwamba mvula isanagwe, ndi ya kukwera kwa malo yolondola mpaka masentimita, yojambulira njira zimene madzi amadutsa ndi malo otsetsereka amene nthaka yake ikusuntha pang'onopang'ono. Siteshoni imodzi yokhazikika ya GNSS imatha kupereka zonse ziwiri kuchokera pa siginolo zomwezo.